Kodi timagalimoto tam'fashoti n'toyenera ndalama zake kuno ku Mangochi?

Timagalimoto ting'onoting'ono tachuluka pa Mangochi. Mira, Alto, Passo, Vitz, March, Demio, Aqua: mutipeza titaima pa mabanki, pa chipatala ndi pa mashopu a pa boma, ndipo m'mawa uliwonse timachita kutsogozana pa mlatho wa Bakili Muluzi. Mphunzitsi akatenga ngongole yake yoyamba, namwino akasonkhanitsa timalipiro take, mnyamata akabwerako ku Joni ndi kangachepe, maganizo amathamangira komweko. N'tokongola, sitimwa mafuta, ndipo mtengo wake ukauona pa foni umaoneka wofikirika.

Ndalama zimene munthu amalowetsa pa kagalimoto kotere zimatha kubwerera mu ntchito imene kamagwira, koma osati kwa aliyense, komanso osati pa kagalimoto kalikonse. Chimene chimagamula nkhaniyi ndi msewu umene mumadutsa tsiku ndi tsiku, katundu amene mumanyamula, ndi makaniko amene adzakagwire kakadwala. Zitatuzi ambiri amazikumbukira makiyi ali kale m'thumba, ndipo zimandiwawa kuona munthu amene wavutikira ndalama zake zaka zambiri akuimika galimoto pa njerwa chaka chisanathe.

Tiyambe ndi kumene timachokera. Pafupifupi tonseti ndi togwiritsidwapo kale ntchito ku Japan. Kumeneko kuli gulu la galimoto lotchedwa kei, limene lamulo linaikira malire: injini isapitirire 660cc, kutalika kusapitirire mamita 3.4, m'lifupi mamita 1.48, ndipo anthu okwera asapitirire 4. Mira ndi Alto zili m'gulu limeneli. Eni ake amalipira msonkho wochepa, ndipo timagalimototi tinapangidwira misewu yosalala ya m'matauni, yopita kusitolo ndi kusukulu. Passo, Vitz, March ndi Demio ndi zokulirapo pang'ono, za injini zoyambira 1,000cc kufika 1,500cc.

Ku Japan galimoto yatsopano imakapimidwa koyamba ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kupimitsako, kumene amati shaken, n'kodula. Galimoto ikapitirira zaka 13 msonkho wake umakweranso. N'chifukwa chake anthu a kumeneko amagulitsa galimoto zikadali ndi moyo, ndipo ife timazipeza motsika mtengo. Mwayi wina ndi wakuti iwo amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, choncho chiwongolero chimabwera chili mbali yoyenera. Apa palibe chinyengo, galimoto zake n'zolimba ndithu. Koma amene anapanga Mira sankaganiza za mchenga wa ku Makanjira.

Mtengo wa pa foni uja ndi chiyambi chabe. Galimoto imakwera sitima mpaka pa doko la Dar es Salaam, zina zimatsikira ku Durban. Ku Dar es Salaam kuli zolipira za padoko ndi za ma agent, kenako dalaivala woti ayiyendetse kudzalowera pa chipata cha Songwe ku Karonga n'kutsika nayo m'mbali mwa nyanja mpaka kuno, ulendo wa makilomita oposa 1,500. Mafuta ake, chakudya chake ndi malo ake ogona, zonse ndi zanu. Pa chipata pali a MRA, ndipo msonkho woombolera galimoto umatengera kukula kwa injini ndi zaka zimene galimotoyo yakhala. Apa kagalimoto kakang'ono kamapambana, chifukwa injini yaying'ono msonkho wake ndi wocheperapo. Koma amene wathamangira yakale kwambiri poti njotchipa ku Japan amakakumana ndi msonkho wokwera pa chipata. Mukaombola, kwatsala kulembetsa ku Road Traffic, nambala, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) ndi inshuwaransi. Si zachilendo kuti pofika tsiku loyamba kuyenda nayo mwalamulo, ndalama zonse zikhale zitawirikiza kawiri mtengo munauona poyamba uja.

Chachikulu pa zonsezi ndi dola. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Galimoto ya madola 3,000 imene inali pa K3.5 miliyoni inadzuka ili pa K5.1 miliyoni, isanasunthe n'komwe pamene inaima ku Japan. Umenewo unali mtengo wa kubanki, kumene madola ake sapezeka wamba. Amene amagula madola kwa mavenda amalipira zoposa pamenepo kwambiri, ndipo ogulitsa galimoto m'mayadi a ku Blantyre ndi Lilongwe amaika mitengo yawo potengera mmene iwo anapezera dolayo. Sipeya iliyonse imayenderanso dola yomweyo. Fyuluta, mashoka, mabuleki, tayala, palibe chimene chimapangidwa kuno.

Ubwino weniweni wa timagalimototi uli pa mafuta, ndipo pamenepa sindingatsutse. Mira e:S itatuluka mu 2011, a Daihatsu anati imayenda makilomita 30 pa lita imodzi poyesedwa mwa njira ya ku Japan. Pa misewu yathu, ndi mahampu, kutentha ndi AC yoyaka, simudzafika pamenepo, komabe idzakudabwitsani. Tiyerekeze kuti kanu kakuyenda makilomita 18 pa lita, pamene galimoto yaikulu ya mnzanu ikuyenda 10. Kuchoka pa boma kukafika pa Liwonde, mtunda wa makilomita pafupifupi 75, inu mumwetsa malita 4 ndi pang'ono, iye 7 ndi theka. Kupita ndi kubwera mwapulumutsa malita oposa 6. Pamene a MERA anakweza petulo kufika pa K2,530 pa lita mu November 2023, ndipo wakweranso kuchokera nthawi imeneyo, kusiyana kumeneku ndi ndiwo za sabata yonse. Mafuta akasowa, monga zakhala zikuchitikira kuyambira 2022, mwini Mira akapeza malita 10 atagona pa mzere amayenda nawo masiku ambiri, pamene wa pikiapu amabwerera pa mzere mawa lake.

Ngati moyo wanu uli pa phula, nkhani yatha bwino. Msewu wa Liwonde ndi Mangochi unakonzedwa ndipo kagalimoto kamayendamo mosadandaula. Wopita ku Monkey Bay, makilomita pafupifupi 65 kudutsa pa Namiasi, Maldeco ndi Makawa, nawonso ndi wathyathyathya, ngakhale maenje amafuna maso. Munthu wokhala kwa Mpondasi n'kumagwira ntchito pa boma, amene ulendo wake wautali ndi wa ku Zomba kapena ku Blantyre kamodzi pa mwezi, kagalimoto kadzamutumikira zaka zambiri.

Koma Mangochi si phula lokha. Timagalimototi mimba yake imatalikirana ndi nthaka masentimita 14 kapena 15 basi, ndipo mukakwera anthu anayi imatsikanso. Pansipo ndi pamene pali sampu yosunga oyilo ndi paipi ya utsi. Msewu wa ku Makanjira, umene anthu a kumeneko akhala akuulirira kwa zaka zambiri, misewu ya ku Chilipa, ku Katuli ndi ya m'midzi ya kwa Nankumba, ili ndi mchenga wakuya, miyala yotuluka ndi timitsinje topanda milatho. Malole ndi mapikiapu amakumba tinjira tiwiri ta matayala n'kusiya mtumbira pakati. Kagalimoto kakalowa mmenemo kamakhala pamimba, matayala akutsogolo n'kumangozungulira m'mwamba. Anyamata a pamudzi amabwera kudzakankha, mumawapatsa ya fanta, koma bampala yatsala pomwepo. Nthawi ya dzinja ndiye osanena. Amene anaona mmene misewu inadukira ndi namondwe wa Freddy mu March 2023 akudziwa kuti pali miyezi imene kumudzi kumafikika ndi njinga yamoto yokha. Ngati chifukwa chogulira galimoto ndi choti muzikaona amayi kumudzi n'kubwerako ndi matumba a chimanga, Mira si galimoto yake.

Ngakhale pa phula pomwe pali malo oyesa mtima wa injini. Taonani kagalimoto ka 660cc kakukwera mapiri a Chowe popita ku Namwera masana a mwezi wa October. M'kati muli anthu asanu, kumbuyo thumba la ufa ndi chigubu cha mafuta ophikira. Pokhota poyamba injini yayamba kulira mokweza koma liwiro silikuwonjezeka. Dalaivala wazimitsa AC, watsitsa magalasi, phazi lili pansi. Kutsogolo kuli lole ya matabwa imene ikukwawa, ndipo mphamvu zoti ayipitirire palibe. Pofika pamwamba kafungo kotentha kayamba kumveka, ndipo fani ya rediyeta sikupumanso. Kamakwera ndithu, kamafika. Koma kachita zimenezi tsiku ndi tsiku, chimene chimayamba kutopa ndi giyabokosi.

Pa giyabokosi m'pofunika kuchedwapo, chifukwa ndi pamene pamafera ndalama za anthu ambiri. Timagalimoto tambiri ta zaka zaposachedwa tili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT. M'kati mwake mulibe magiya osinthana ngati a galimoto zakale. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amakula ndi kuchepa, ndipo n'chifukwa chake galimoto imathamanga mosadumphadumpha n'kumamwa mafuta ochepa. Lamba ameneyu amadalira oyilo wake wapadera. Wina akathiramo oyilo wa ATF wamba wa ma automatic akale, poti ndi amene wapezeka pa shopu, lamba amayamba kuterereka. Poyamba mumangomva kagalimoto kakunjenjemera ponyamuka, kenako kulira kwachilendo, tsiku lina kangokana kusuntha. Kutentha, katundu wolemera ndi kuvutitsa galimoto mumchenga zimafulumizitsa imfa imeneyi. CVT ikafa, amakaniko ambiri sayitsegula n'komwe, amangoti, "Bwana, apa tipeze ina." Ina ija ndi yochotsedwa m'galimoto yangozi, yochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, imene mbiri yake palibe akuidziwa.

Oyilo wa injini nayenso ali ndi nkhani yake. Tiinjini timeneti tinapangidwira oyilo wopepuka, monga 0W-20, ndipo injini ya Mira imalowa oyilo wosakwana malita 3. Oyilo wochepa chotere amatopa msanga m'dera lotentha ngati lathu, kumene m'miyezi ya October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 35. Chizolowezi chothira oyilo wolemera wa m'malole, kapena kudumphitsa sevisi poti mwezi uno zavuta, chimapha injini mwakachetechete. Petulo wa m'zigubu, amene tonse timathawirako mafuta akasowa, amatha kukhala ndi madzi kapena zinyalala, ndipo pampu ya mafuta ya timagalimototi siyipirira zimenezo.

Aqua ndi Fit ya hybrid, galimoto zoyendera petulo ndi batire lalikulu pamodzi, ndi zimene zili m'fasho kwambiri pakati pa achinyamata, ndipo m'tauni zimamwadi mafuta pang'ono zedi. Aqua inayamba kupangidwa mu 2011, kutanthauza kuti zambiri zimene zikufika kuno batire lake lalikulu lagwira kale ntchito zaka zoposa 10. Batire limeneli lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo limazizira ndi mpweya wa m'galimoto momwemo wokokedwa ndi kafani. Fumbi likatseka kafaniko, kapena wina akaunjika katundu polowera mpweya, batire limatentha n'kuyamba kufooka. Logula lina mtengo wake umafika mbali yaikulu ya mtengo wa galimoto yonse. Fit ya hybrid ya m'chaka cha 2013 inabweranso ndi giyabokosi ya mtundu wina imene a Honda eni ake anaitanitsa kangapo kuti akaikonze. Sindikunena kuti hybrid njoipa. Koma musanagule, dziwani kumene kuli munthu wa kompyuta yopimira batire, ndipo muwerengere ulendo wa kumeneko.

Tsono pali timagalimoto tina tokongola kuposa tonse, ta ku Ulaya, monga MINI imene a BMW anayamba kupanga mu 2001 ndi Fiat 500 imene inabwereranso pa msika mu 2007. Timaoneka mwa apo ndi apo kumapeto kwa sabata, tikupita ku malo ogona alendo a kunyanja, ndipo aliyense amacheuka. Kwa munthu wokhala ku Mangochi amene galimoto yake ndi imodzi yomweyo, ine ndingamuletse ndi mtima wonse. Matayala ake ndi opyapyala, dzenje limodzi limapinda rimu. Zamagetsi zake n'zambiri ndipo zimafuna makina opimira amene si galaja iliyonse ili nawo. Kasensa kakang'ono kakafa, mumaitanitsa ku South Africa, n'kudikira masabata, galimoto ili pansi pa mtengo wa mango. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Galimoto yabwino kuno ndi imene masipeya ake ali pa msika ndipo makaniko wa pafupi anaitsegulapo kambirimbiri. Injini ya 1,000cc yotchedwa 1KR ili mu Vitz komanso mu Passo. Ya 1,500cc yotchedwa 1NZ ili mu Probox, mu Sienta zakale ndi mu Corolla zambiri. Injini zoterezi zili ponseponse, choncho ngakhale chinthu chitasowa pa Mangochi, mumaimba foni ku Limbe m'mawa, madzulo chafika pa minibasi. Kwa banja lofuna galimoto imodzi yogwira ntchito zonse, ine ndimaona kuti ya 1,300cc kapena 1,500cc ndi imene ili pakatikati pabwino. Imamwa mafuta ochulukirapo pang'ono kuposa Mira, koma imakwera Chowe ndi Golomoti yosafuula, ndipo siyitopa msanga. Probox si yokongola, palibe amene amaijambulitsa pa Facebook, koma inapangidwira katundu ndipo masipuling'i ake amapirira.

Ambiri amagula kagalimoto ndi maganizo akuti kazidzibweza kokha ponyamula matola. "Achimwene, masana kazipanga ndalama, madzulo muzikwera nokha," amatero anzawo. Apa ndiye pamafunika kunena mosabisa. Galimoto ya anthu anayi ikamanyamula asanu ndi awiri, ndi mabasiketi a usipa kumbuyo, mashoka, mabushi, mabeyaring'i ndi matayala zimatha pa miyezi yowerengeka. Ndalama imene dalaivala amabweretsa madzulo imaoneka ngati phindu, koma ndi galimoto yanu yomweyo imene mukuidya pang'onopang'ono. Pa maulendo afupiafupi akabaza a njinga zamoto analanda kale msika, ndipo pa ataliatali pali ma Sienta a mipando 7. Komanso kunyamula anthu olipira kumafuna ziphaso ndi inshuwaransi yake. Mukachita ngozi ndi mapepala a galimoto ya pakhomo, kampani ya inshuwaransi ili ndi chifukwa chokanira kulipira.

Za ngozi sitingazilambalale. Mira e:S yoyamba imalemera makilogalamu pafupifupi 730. Pa msewu umene mukupatukirana ndi mabasi, malole a simenti ndi ng'ombe zodutsa usiku, thupi lopepuka chotere likagundana ndi chachikulu ndi limene limaphwanyika. Ma airbag ndi malamba zilimo, ndipo zimathandiza ngati anthu akwera mwa chiwerengero chake n'kumanga malambawo. Mwana wokhala pamiyendo pa munthu kutsogolo alibe chomuteteza. Inshuwaransi ya third party, imene lamulo limakakamiza, imalipira amene mwamuwonongera, osati galimoto yanu. Amene wagula ndi ngongole n'kusiya comprehensive, imene imalipiranso galimoto yanu, poti njodula akhoza kutsala akubweza ngongole ya chinthu chimene chili ku sikirapu.

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri akuti galimoto masiku ano siyitsika mtengo, ukagula lero mawa ugulitsa mokwera. M'makwacha zimaonekadi choncho. Koma chimene chakwera si galimoto, ndi kwacha imene yagwa. Mukagulitsa pa mtengo woposa umene munagulira n'kupita kukafuna ina yofanana nayo, mupeza kuti ndalamazo sizikukwana. Chimene chili choona n'chakuti timagalimoto todziwika bwino, tosamwa mafuta, timagulika msanga mukapanikizika, pamene ta ku Ulaya tija mumatha miyezi mukusaka wogula. Ndipo ngati ndalama zogulira ndi za ngongole ya kubanki kapena yodulidwa ku malipiro, chiwongoladzanja chake chikhoza kumeza zonse zimene mukupulumutsa pa petulo. Za katapila ndiye musayerekeze n'komwe.

Mukatsimikiza mtima kuti mugula, musapite nokha, ndiponso musatenge makaniko amene wakupatsani ndi wogulitsayo. Galimoto ikwezedwe, mugwade muyang'ane pansi. Zochokera kumpoto kwa Japan, kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, zimabwera ndi dzimbiri pansi ngakhale pamwamba zikuwala. Yang'anani matayala: zina zimafika ndi matayala oyendera pa chisanu, ofewa, amene pa phula lotentha la kuno amatha msanga ndipo sagwira bwino mabuleki. Tsegulani kumbuyo muone ngati muli tayala lapadera, chifukwa timagalimoto tambiri tatsopanoti timabwera ndi kabotolo ka guluu ndi kapampu basi, zimene sizingakuthandizeni tayala likang'ambika pakati pa Golomoti ndi Monkey Bay. Makilomita olembedwa pa dashibodi musawakhulupirire okha, amabwezedwa. Funsani auction sheet, pepala la ku Japan lofotokoza mmene galimoto inalili pogulitsidwa kumeneko, ndipo muyerekeze ndi mmene chiwongolero, mapedulo ndi mpando wa dalaivala zathera. Poyesa, injini ikhale yozizira poyamba, kenako muyende nayo mpaka itenthe, mukwere nayo chitunda muli anthu angapo, mumvetsere ngati ikunjenjemera ponyamuka.

Mapepala nawo ndi mbali ya mtengo. Kuno ku Mangochi kumabwera galimoto zambiri za manambala a ku South Africa ndi ku Mozambique, ndipo zina zimagulitsidwa motchipa chifukwa sizinaomboledwe. Msonkho umenewo udzagwera inu, apo ayi galimoto idzalandidwa pa rodibuloko. Nambala ya chasisi imene ili pa galimoto ifanane ndi ya mu blue book, dzina la mu blue book likhale la amene akukugulitsaniyo, ndipo kusintha umwini mukachitire limodzi ku Road Traffic musanapereke ndalama zomaliza, osati kudzera mwa madobadoba oima panja.